Petani Kaye Musanathire M'nkhokwe: Mawu kwa Oliza Kiyibodi

Ana anga oliza kiyibodi m'matchalitchi ndi m'maukwati, kuyambira ku Moatize, kukwera ndi msewu wa N7 kudutsa pa Mussacama mpaka kuno kuchipata cha Zóbuè, takhalani pansi ndikulankhuleni. Ndakhala m'kwaya zaka zochuluka kuposa zimene ambiri a inu mwakhala ndi moyo. Zala zanu n'zofewa kuposa zanga, ndipo makina amene muli nawo ife sitinawalotepo n'komwe. Koma pali kanthu kakang'ono ngati chala cha mwana kamene mumayenda nako m'thumba, kamene mumakatcha fulashi, ndipo ndaona kakukuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Za kanthu kameneko ndi zimene ndafuna tikambirane.

Chilimwe chathachi ndinatsikira ku Moatize ku ukwati wa kuchimuna kwathu. Woliza anali mdzukulu wanga, mwana wa mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa khutu labwino amene nyimbo akaimva kamodzi amaigwira. Nthawi yolowetsa akwati itakwana, operekeza anandanda pakhomo, mkwatibwi ataima pa dzuwa lija mukulidziwa la ku Moatize, loti ngakhale mthunzi umatentha. Wotsogolera mwambo anakweza dzanja. Mnyamata anawerama pa kiyibodi, akupukusa kagudumu, maina akuthamanga pagalasi. Anapukusa, napukusa. Anthu anayamba kucheuka. Potsiriza anapeza dzina limene linamukomera m'maso, nadina. Zimene zinatuluka m'masipika sizinali ng'oma. Zinali ngati ana akumenya zitini kuseri kwa nyumba, besi kulibe, ndipo pena pake kunkamveka kaphokoso ngati ka chitseko chosadzozedwa.

Amene anapulumutsa ukwatiwo ndi amayi. Mmodzi anayambitsa nyimbo, anzake anaombera m'manja, nthungululu zinalira, akwati analowa. Mnyamata anakhala chozyolika, ine mtima ukundiwawa, pakuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Madzulo ndinamuitana. Ndinati, “Mdzukulu wanga, m'kafulashi kako muli mabiti angati?” Anati, “Agogo, opitirira 10,000.” Ndinati, “Nanga amene unawamvera wekha kuchokera poyambira mpaka pothera ndi angati?” Sanayankhe. Tinawerengera limodzi pa dothi. Biti imodzi ukaipatsa mphindi zitatu zokha, mabiti 10,000 afuna maola 500. Utamakhala pansi maola awiri madzulo alionse osajomba, udzatha masiku 250, kuchokera pobzala chimanga mpaka kukolola n'kupitirira. Pamenepo ndi kumva kamodzi kokha, osati kuidziwa. Iye ankaona ngati wanyamula chuma, chonsecho ananyamula thumba losamasula, losadziwika ngati muli mbewu kapena mankhusu.

Ife sitinayambe choncho. M'mamishoni munali limba lopopa ndi mapazi, ndipo kuno ku Zóbuè kunali seminale ya ansembe a White Fathers, amene anachoka m'dziko muno la Mozambique mu 1971. Msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatha, ng'oma ndi maseche zinayamba kulowa m'tchalitchi poyera, ndipo oimba ng'omazo anali anthu oti amayang'ana mapazi a ovina. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inatibalalitsa. Ambiri tinaolokera ku Mwanza ndi ku Neno, ndipo ndi kumeneko kumene makutu athu anakhuta nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka, za Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, uja anatisiya mu 2024. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera ndi mitolo pamutu, ena ali ndi tima Casio tating'ono toyendera mabatire. Mabiti a m'timakina timeneto anali owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo sankagwirizana ndi nyimbo zathu. Koma atatu kapena anayi amene ankagwirizana tinkawadziwa ngati ana athu. Tinkadziwa pamene ng'oma itembenukire, pamene besi ipumire, ndi liwiro limene amayi angathe kuvina nalo atabereka mwana kumbuyo.

Zinthu zinasintha ndi malasha. Kampani ya Vale itayamba kukumba ku Moatize mu 2011, ndalama zinayenda, anyamata analembedwa ntchito, mipingo inachuluka, ndipo makiyibodi a Yamaha, a Korg ndi a Casio anayamba kufika kuchokera ku Beira, ku Maputo, ku Blantyre ndi ku Joni. Mgodi uja unapita m'manja mwa Vulcan mu 2022, koma makiyibodi anatsala, ndipo mafoni anawapeza. Tsopano biti imayenda pa WhatsApp ngati moni. Ife a m'malire timalandira mitsinje iwiri nthawi imodzi. Wofufuza m'Chipwitikizi, amene kiyibodi amati teclado ndipo biti amati ritmo, amakolola za ku Brazil: forró, piseiro, arrocha, sertanejo, kuphatikizapo kizomba ndi semba za ku Angola. Wofufuza m'Chingerezi, amene amati style, amakolola sungura ya ku Zimbabwe, sebene ya ku Congo, makossa, highlife, ndi mabiti a nyimbo zauzimu za ku South Africa. Pakati pa zonsezi mumalowa za ku Indonesia ndi za ku Turkey zimene palibe anazifuna. Anyamata akakumana amangokhuthulirana, fulashi ku fulashi, ndipo biti imodzi yomweyo imapezeka kasanu ndi maina asanu.

Musanditenge ngati ndikudana ndi zachilendo. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'mitsinje imeneyi muli nsomba zonona. Chimene ndikukana ndi kudya osayang'ana m'mbale.

Ambiri simudziwa chimene chili m'kati mwa biti, ndipo gwero la vuto ndi limeneli. Biti ya kiyibodi si nyimbo yojambulidwa ngati ya pa wailesi. Ndi malangizo chabe, ouza makina kuti menya ng'oma iyi apa, liza besi iyi apo. Pa Yamaha malangizowo amagawidwa kwa oimba asanu ndi atatu osaoneka: awiri a ng'oma, mmodzi wa besi, awiri ogwira machord, mmodzi woyala mawu aatali pansi amene amatchedwa Pad, ndi awiri okometsera otchedwa Phrase. Oimbawa amayang'ana dzanja lanu lamanzere. Mukagwira chord, onse amatembenukira komweko, potsata malamulo amene wopanga biti anawaikira. Tsono mawu enieniwo sali m'fayilo, ali m'kiyibodi mwanu. Ngati biti inapangidwira Tyros, amene anayamba kutuluka mu 2002, kapena Genos wa mu 2017, imaitana ng'oma ndi magitala amene PSR wamng'ono alibe. Makina akasowa choitanidwacho amaikapo china chilichonse, kapena amangokhala chete. N'chimodzimodzi kutuma mwana kuti akatenge mbalule m'nyumba mopanda mbalule: abwera ndi chidebe. Zimene zinachitika pa ukwati uja ndi zomwezo. Biti ija inkafuna mawu owonjezera amene mwini wake anathira m'kiyibodi mwake kutsidya la nyanja, ndipo mawuwo sanabwere nayo.

Palinso za mitundu. Mafayilo a Yamaha alipo akale otchedwa SFF1 ndi atsopano otchedwa SFF GE, amene anabwera ndi Tyros3 mu 2008. Makina akale ndi ang'onoang'ono a gulu la PSR-E atsopanowo sawamva, ndiponso malo awo osungira mabiti obwera ndi ochepa, ena khumi okha. Korg imasunga zake m'mafoda othera ndi SET, Casio wa CT-X amafuna AC7, ndipo wa Yamaha sungangomutenga n'kumuponya mu Korg ngakhale onse atalembedwa STY kumapeto. Mwini PSR-E463 woyenda ndi mabiti 10,000 a Genos ali ngati munthu wogula goli asanakhale ndi ng'ombe. Choyamba dziwani kiyibodi yanu, dzina lake ndi nambala yake, ndi chimene imadya.

Mukatero, khalani pansi mumvere nokha. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mnzanu akakuuzani kuti iyi ndi yamoto, wanena za kiyibodi yake, masipika ake ndi kwaya yake. Dzina lolembedwa pa fayilo nalonso musalikhulupirire, pakuti dzina amalemba ndi munthu wofuna kuti mutenge. Ndaona biti yolembedwa marrabenta imene munthu wa ku Maputo sangaizindikire, ndi ina yolembedwa reggae imene inali polka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumvera kwake kuli ndi njira, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri mumathamanga. Mumadina Start, mumagwira chord ya C, mumagwedeza mutu kawiri, n'kunena kuti ili bwino. Pa C pafupifupi biti iliyonse imakoma, chifukwa nthawi zambiri ndi pamene wopanga anaijambulira. Nyerere zimabisala kwina. Gwirani chord ya minor mumve ngati gitala watsatira kapena wakakamira pamene anali. Gwirani ya seventh. Kenaka pitani kumakiyi amene simuwakonda, F sharp, A flat, B, chifukwa mayi woyambitsa nyimbo pa chopereka safunsa kiyi, amangoyamba pamene mmero wake wagwera. Kumeneko mumve besi: kodi yatsika mpaka kusanduka mkonono, kapena yakwera n'kukhala ngati kagitala? Biti yopangidwa mosasamala imaululika pamenepo. Sinthani machord mofulumira monga zimakhalira nyimbo ikatentha, mumve ngati oimba osaoneka aja akutembenuka pamodzi kapena wina akutsalira.

Mukatha apo yendani zipinda zonse. Main A, B, C ndi D zimayenera kukwera ngati masitepe, kuyambira pofatsa mpaka podzaza. Zina mudzapeza zonse zinayi n'zofanana, zina D ili mbuu. Dinani Fill iliyonse uku mukuwerenga ndi phazi, pakuti pali ma Fill amene amameza kugunda kumodzi, ndipo kwaya yonse imapunthwa osadziwa chaipunthwitsa. Mverani ma Intro onse atatu. Intro yaitali imakhala ndi machord akeake, imayenda ulendo wake, ndipo oimba amayang'anana kusowa polowera. Ending nayonso muimve mpaka itheretu. Ilipo imene imapitirira ndi malipenga abusa ataimirira kale kudikira kuti apemphere. Musaiwale mabatani anayi a One Touch Setting, amene amasintha mawu a dzanja lamanja: ena amakuponyerani lipenga lobaya m'khutu pakati pa nyimbo yachete. Ndipo yerekezani kukwera kwa mawu ndi biti ya m'kiyibodi momwemo, chifukwa zobwera zina zimafuula moti mukachoka pa ina kupita pa iyo, ana amadzidzimuka kumbuyo kwa amayi awo.

Pali chinthu china chimene ndinaphunzira mochedwa. Zimitsani oimba aja mmodzimmodzi. Siyani ng'oma ndi besi zokha. Ngati ziwirizo zikuyenda bwino, biti ili ndi msana, ndipo zotsalazo mungathe kuzikonza. Ngati ziwirizo n'zopunduka, zokometsera zonse ndi mafuta odzola pa chilonda. Nthawi zambiri mudzapeza kuti mukazimitsa Phrase ndi Pad, kwaya imapeza malo opumira. Mabiti ambiri anapangidwira munthu mmodzi woimba yekha mu lesitilanti, ndiye anadzazidwa kuti asamveke wosungulumwa. Inu muli ndi anthu makumi atatu a mawu anayi. Simukusowa chodzazira.

Kompyuta ingathandize pa kusefa koyamba, makamaka kupeza mafayilo obwerezeka ndi ofa, ndipo amene muli nayo igwiritseni ntchito. Koma mawu a kompyuta si a kiyibodi yanu. Ngakhale zomvera za m'makutu zimanyenga. Biti yokoma m'chipinda usiku ikafika m'tchalitchi cha malata ndi simenti, besi imazungulira m'denga ngati mvula ya matalala, mawu a nyimbo osamvekanso. Kumvera komaliza kuchitikire pamalo pomwe mudzaimbire, ndi masipika omwewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo woweruza wamkulu si inu. Ndi manja a amayi. Itanani atatu kapena anayi a m'kwaya, makamaka achikulire, muwauze ayambe nyimbo yawo ndi kuomba m'manja mmene amaombera kumudzi, inu mulowetse biti pambuyo. Mukaona manja akusokonezeka, wina akusiya, wina akuyang'ana pansi, biti imeneyo si ya nyimbo imeneyo, ngakhale itakoma chotani. Nyimbo zathu zambiri zimayenda patatupatatu, zimene olemba nyimbo amati 6/8 kapena 12/8, manja akuomba njira ina, mapazi akuponda njira ina, zonse n'kumakumana bwinobwino. Mabiti ochuluka a m'mafulashi ndi a 4/4 wowongoka ngati njanji ya ku Nacala. Mukakakamiza nyimbo ya patatu kulowa m'njanji imeneyo, imayenda ndithu, koma motsimphina, ndipo ana amene akukula akuimva choncho adzayesa kuti ndi mmene imayendera. Ichi chimandidetsa nkhawa kuposa manyazi a pa ukwati. Manyazi amatha pakapita sabata. Nyimbo ikapunduka m'makutu a m'badwo wonse, woiwongola sapezeka msanga.

Tsopano kutaya. Apa ndi pamene mtima umavuta. Mnyamata amamva biti, amavomereza kuti si yabwino, koma chala chimakana kufufuta. Amati mwina tsiku lina. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mayi wopeta sasunga mankhusu poganiza kuti mwina adzasanduka mphale. Ngati mtima sukulola, pangani foda imodzi pa kompyuta kapena pa fulashi ina yosiya kunyumba, muzikankhira kumeneko zonse zokayikitsa. Koma fulashi yopita nayo ku ntchito ikhale ndi zopetedwa zokhazokha. Ine ndimati woliza wa mpingo amene amalizanso m'maukwati akakhala ndi mabiti makumi atatu kapena anayi owadziwa bwino, wakwana. Wina anganene kuti ndachepetsa. Ayese kuwerenga amene analiza mwezi wathawu, aone ngati afika makumi awiri.

Zopetedwazo muziike monga mwa ntchito yake, osati monga mwa kumene zinachokera. Pa nthawi ya mwambo mutu sufunsa kuti kodi ya ku Brazil ili kuti. Umafunsa kuti cholowera chili kuti, cha chopereka chili kuti, cholowetsa akwati, cha perekaniperekani, cha chitsitsimutso. Mafoda anu atchedwe choncho, ndipo akhale ochepa, osalowetsana m'kati mwa m'kati ngati mauna a mbewa. Dziwaninso kuti makina ali ndi malire: ma Yamaha ambiri a gulu la PSR-S salola zopitirira 500 m'foda imodzi, ndipo akale ndi zocheperapo. Maina muwasinthe akhale anu, aafupi, oyamba ndi nambala, otchula liwiro, monga 03 Chopereka 6-8 112. Zilembo za tizipewa ndi timichira za Chipwitikizi makina ena amazisandutsa zizindikiro zosawerengeka, choncho zisiyeni.

Mukamaliza kukonza mafoda, pamenepo ndiye musunge mu Registration, mabatani asanu ndi atatu aja amene amakumbukira biti, liwiro, kiyi ndi mawu nthawi imodzi. A Korg muli ndi SongBook, a PSR-S muli ndi Music Finder, a SX amene anayamba mu 2019 muli ndi Playlist. Koma mverani bwino apa: Registration sisunga biti yeniyeniyo, imangosunga njira yopita kumene biti ikukhala. Mukadzasuntha fayilo kapena kusintha dzina la foda pambuyo pake, batani lidzapita kukagogoda pa nyumba yosamukamo. Ambiri alira nazo Lamulungu m'mawa atakonzakonza fulashi Loweruka usiku. Konzani nyumba kaye, kenaka muuze anthu njira. Ndipo pambali pa zonsezi, gulani kope la ana a sukulu. Lembani dzina la nyimbo, biti yake, liwiro, kiyi, ndi amene amaiyambitsa. Kope silifuna magetsi, ndipo tsiku limene mudzadwale, mnzanu adzaliza osavutitsa kwaya.

Za kusamala ndinena mwachidule. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo fulashi imodzi ndi fodya wa pachala. Khalani ndi ziwiri zofanana, ina izigona kunyumba. Musaizule makina akuwerenga kapena akusunga. Musaibaye pa kompyuta iliyonse ya m'misika yothirira nyimbo, chifukwa kumeneko ndi kumene imatengera matenda obisa mafayilo. Inu a ku Moatize, fumbi la malasha limene mumalipukuta pa mawindo m'mawa uliwonse limalowanso pa kabowo ka fulashi ndi pansi pa mabatani, ndiye fundikani kiyibodi ndi nsalu mukatha. Ndipo wina akabwera ndi mawu owonjezera kuti akuthirireni, funsani kaye, pakuti pa Yamaha kuthira atsopano kumafufuta amene analimo, ndipo mabiti onse odalira akalewo amasanduka zitini zija. Safunsa anadya phula.

Pali anyamata, kuno ndi kutsidya kwa malire, amene amakhala usiku wonse kupanga biti ndi manja awo n'kumagulitsa. Mukagula kwa wotere, musamwaze kwa gulu lonse. Thukuta lake ndi lofanana ndi la woumba njerwa. Tikamudyera masuku pamutu adzasiya, ndipo tidzatsala ndi za ku Brazil zokhazokha.

Zimenezi zandifikitsa pa chimene chili pansi pa mtima wanga. M'mabiti 10,000 a mdzukulu wanga tinafunafuna, osapezamo ngakhale imodzi yoyenda ngati mafuwe a amayi a Chinyungwe, kapena chintali, kapena chitelele, kapena kuponda kwa ngoma ya Angoni a ku Angónia. Za nyanga, zitoliro zija zimene amuna a kuno ku Tete amaliza akuvina mozungulira, aliyense akuponya mawu ake pa mpata wa mnzake, ndiye musanene. Palibe wa ku Japan kapena wa ku São Paulo amene adzatipangire zimenezi, ndipo sitingamuimbe mlandu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. M'makiyibodi a PSR-S ndi SX muli Style Creator, ndipo a Korg a gulu la Pa ali ndi chojambulira chawo. Ambiri simunatsegulepo. Yambani ndi chophweka: tengani ng'oma za biti iyi, besi ya biti iyo, muzilumikize. Mukazolowera, pitani kwa mkulu woimba ng'oma, mumugulire chakumwa, mukhale pansi, akuombereni pang'onopang'ono, inu mujambule ndi zala pa makiyi, gawo limodzi pa nthawi. Akamva n'kupukusa mutu, fufutani muyambirenso. Ndipo musalole makina awongole kugunda kulikonse mpaka kuuma, chifukwa kukoma kwa ng'oma zathu kuli pa kakuchedwa ndi kakufulumira kamene dzanja la munthu limaika. Mutu umodzi susenza denga: mkulu ali ndi ng'oma, inu muli ndi makina.

Koma pano ndichenjeze. Si ng'oma iliyonse imene ili yotola. Za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, zili ndi eni ake ndi malo ake. Musazitenge mwachisawawa kukaliza pa phwando kapena m'tchalitchi. Mudzalakwira a kudambwe, mudzalakwiranso a mumpingo. Funsani mafumu ndi akuluakulu, pakuti iwo ndi m'dambo mozimira moto.

Dziwaninso nthawi yozimitsa. Makina sapuma mpweya, sadikira wolira kuti ameze malovu. Pa siwa, pamene amayi akuimba usiku mawu akukoka ngati utsi, biti imakhala ngati munthu wolowa m'nyumba ya maliro akuthamanga. Zimitsani, mugwire mawu a limba pansipansi, mutsate anthu. Ngakhale pa chisangalalo, mpingo ukayamba wokha, musaukokere ku liwiro lanu. Batani la Tap Tempo analiikira zomwezo: gundani motsata manja awo, makina abwere kwa anthu.

Mdzukulu wanga uja anakwera minibasi n'kubwera kuno ku Zóbuè, kumene kumazizirako, ndipo tinakhala pakhonde madzulo ambiri, iye pa kiyibodi, ine ndi kope. Sitinamvere zonse 10,000. Tinayamba ndi nyimbo zimene kwaya yake imaimba, n'kumafunira iliyonse biti yoiyenera, ndipo njira imeneyi ndi yaifupi kuposa kuyamba ndi mulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Anabwerera ku Moatize ndi mabiti 36, awiri mwa iwo opanga yekha mothandizidwa ndi mkulu wina wa ng'oma wa m'mudzi mwathu. Pa Khirisimasi ndinamumva akuliza. Maso ake sanali pagalasi, anali pa wotsogolera kwaya, ndipo amayi anavina mpaka fumbi kubuka pakhomo la tchalitchi.

Inu akuluampingo ndi atsogoleri a makwaya, nanunso muli ndi gawo. Mumasonkha ndalama zambiri kugula kiyibodi, kenaka mumaitsekera m'kabati mpaka Lamulungu, n'kumadabwa kuti mwana akufufuza biti pakati pa mapemphero. Mupatseni kiyi wa tchalitchi masana amodzi pa sabata, mumulipirire magetsi kapena mafuta a jenereta, mumutumizire amayi atatu oomba m'manja. Ndipo inu ana anga, Loweruka likubwerali musapemphe biti yatsopano kwa aliyense. Tengani nyimbo zisanu zimene mudzaimbe mawa lake, mukhale pansi ndi kope, muyese biti ya iliyonse m'makiyi onse, kuyambira Intro mpaka Ending, amayi akuomba m'manja pambali panu.